Kalata yotseguka kwa a Hugo Motta ndi a Davi Alcolumbre: bilu yochepetsa zilango ija isiyeni ife

Kwa a Hugo Motta, sipika wa nyumba ya aphungu ku Brasília, ndi a Davi Alcolumbre, mtsogoleri wa Senate,

Mabwana, ndakulonjerani. Ine si nzika yanu, ndine Mmalawi wongokhala m'dziko mwanu muno, sindivota, ndipo ndikudziwa kuti palibe phungu amene angasowe tulo chifukwa cha kalata ya mlendo, yolembedwanso m'Chichewa. Koma lendi ndimalipira kuno, basi ndimakwera ya kuno, ndipo tsiku limene akasinja adzatuluke m'misewu sadzayamba afunsa kuti pasipoti yako ndi ya kuti. Ndiye ndilankhulabe, paja wakutsina khutu ndi mnansi.

Nkhani yanga ndi imodzi basi, bilu ija mumaitcha Dosimetria, yochepetsa zaka za kundende kwa pulezidenti wakale Jair Bolsonaro ndi ena amene anafuna kulanda boma atalephera chisankho cha 2022. Aphungu munaidutsitsa m'bandakucha wa pa 10 December 2025 anthu ali mtulo, maseneta nawonso anavomereza patangotha sabata, kenako Pulezidenti Lula pa 8 January 2026 anakana kuisainira. Pamene ndikulemba kalatayi, kumayambiriro kwa 2026, yabwereranso m'manja mwanu, mukangopeza aphungu 257 ndi maseneta 41 mukhoza kuwakanira a pulezidenti, biluyo nkukhala lamulo. Ine ndikuti musatero. Osati poti ndimawakonda a Lula ayi, za iwowo ndinena kutsogoloku, koma poti dziko lanuli linayesapo kale njira imeneyi, osati kamodzi, ndipo kumene inakathera mukukudziwa.

Tiyambire 1956. Juscelino Kubitschek atangolowa kumene m'boma, mu February, maofisala ena a asilikali a m'ndege motsogozedwa ndi Major Haroldo Veloso anatenga ndege nkukamanga msasa ku Jacareacanga, mkati mwenimweni mwa nkhalango ku Pará, ati sakumufuna pulezidenti amene anthu anamuvotera. Anagonja. Kubitschek, pofuna kuti dziko lizizire mtima, anapempha nyumba yanu yomweyo kuti anyamatawo akhululukidwe, ndipo anakhululukidwadi. Mwaona zimene zinachitika? December 1959 Veloso yemweyo analinso m'gulu loukira ku Aragarças limodzi ndi João Paulo Burnier, ulendo uno mpaka kulanda ndege yonyamula anthu wamba. Kufika 1964 sanaphonyenso, Pulezidenti João Goulart anachotsedwa, asilikali nkukhala pampando zaka 21. Ndipo Kubitschek wachifundo uja chaka chomwecho anamulanda useneta nkumuletsa ndale zaka khumi. Burnier yekha anakwera maudindo mpaka kukhala mmodzi wa akuluakulu oopedwa a ulamuliro umenewo. Malipiro a chikhululukiro anali amenewo.

Zaka 21 zimenezo si nthano kwa inu ogwira ntchito m'nyumba ya malamulo, chifukwa nyumba yomwe mumakhalamo leroyo ndi imene inatsekedwa pa 13 December 1968 ndi lamulo lija la AI-5. Rubens Paiva anali phungu ngati inu nomwe, anamulanda mpando mu 1964, mu January 1971 anabwera kudzamutenga kunyumba kwake ku Rio de Janeiro banja lake likuona, mpaka lero mtembo wake sunapezeke. Mtolankhani Vladimir Herzog anapita yekha ndi miyendo yake kukayankha mafunso kwa asilikali ku São Paulo pa 25 October 1975, tsiku lomwelo anafa, iwo nkujambula chithunzi chonamizira kuti wadzimangirira, chithunzi choti mawondo ake ali opindika miyendo ikugunda pansi, ngakhale mwana akanaona kuti ndi bodza. Komishoni yofufuza zoona imene inatulutsa lipoti lake mu December 2014 inawerenga anthu 434 ophedwa ndi osowetsedwa. Nanga ndi angati mwa ozunza aja anagonako kundende? Lamulo la chikhululukiro la 1979, limene linasainidwa asilikali adakali pampando, linawaphimba onse, ndipo khoti lalikulu la STF mu 2010 linati lamulolo likhale choncho. Aneba anu a ku Argentina, 1985 yomweyo imene inu mumatsanzikana ndi asilikali mwaulemu, iwo anali ataimika Jorge Videla ndi anzake m'khoti nkumugamula kukhala kundende moyo wake wonse. Inu munasankha kungopukuta manja nkumati zakale zisiyeni.

Koma zakale sizinakusiyeni. Colonel Carlos Alberto Brilhante Ustra, amene ankayang'anira malo ozunzirako anthu ku São Paulo, anamwalira mu 2015 ali mfulu, penshoni akulandira. Chaka chotsatira, pa 17 April 2016, tsiku lovotera zochotsa pa upulezidenti mayi Dilma Rousseff, phungu wina anaimirira pa maikolofoni m'nyumba mwanumo nkunena kuti voti yake akuipereka pokumbukira Ustra, akudziwa bwino lomwe kuti mayi amene akumuchotsayo anazunzidwapo m'ndende za asilikali ali mtsikana. Nyumba inamutani? Palibe. Patatha zaka ziwiri phungu ameneyo, Jair Bolsonaro, anakhala pulezidenti. Ndiye anthu akamafunsa kuti demokalase ya Brazil imangogwedezeka chifukwa chiyani, ine sindiyang'ana kutali, ndimati chifukwa aliyense amene anayesapo kuithyola anaphunzira kuti zikakanika palibe chimene umaluza, umangodikira pang'ono andale akonze mapepala.

Ndipo phunziro limeneli silinathere kwa majenerali okha, linatsikira mpaka kwa anthu wamba. Pali agogo ena oyandikana nawo nyumba, anthu abwino kwambiri, ndikadwala amandibweretsera supu, koma mukangoyamba za ndale amakuuzani mosaphethira kuti nthawi ya asilikali kunali mwambo, kunalibe mbava, munthu unkayenda usiku. Ndikawafunsa za anthu osowa aja amati amenewo anali ndi zimene anachita. Sindiwada agogowa, palibe khoti limene linawaonetsapo kuti zimene zinkachitika zija zinali milandu, nyuzipepala za nthawi imeneyo zinali zomangidwa pakamwa, ndiye iwo akumbukira zimene analoledwa kuona. November ndi December wa 2022 ndinadutsako pa msasa wina wa anthu amene anakamanga matenti kutsogolo kwa barracks atakana zotsatira za chisankho. Zimene ndinaona sizinali chipwirikiti ayi, zinali zadongosolo moopsa, matoileti oyenda nawo atandandalikidwa bwinobwino, tenti yophikira nyama ikuotchedwa ndipo ukafuna kudya sulipira, azimayi achikulire atavala majezi achikasu a timu ya dziko atagwada manja ali pakhoma la barracks akupemphera molira, chikwangwani pamwamba pawo chikupempha asilikali kuti apulumutse dziko. Funso limene linandibwerera linali la ndalama, kuti kodi zonsezi akulipira ndani, nanga msilikali ali pageti uyo bwanji akungoyang'ana ngati palibe chikuchitika? Anthu kupempha poyera kuti voti yawo yomwe ilandidwe, kwa miyezi iwiri, pakhomo pa asilikali, osathamangitsidwa.

Chonsecho chimene ankadandaulacho ndi makina ovotera, omwe ine monga Mmalawi ndimawasirira. Munayamba kuwagwiritsa ntchito 1996, pofika 2000 dziko lonse linali pa makina, munthu amangodina nambala ya amene akumufuna, 13 kapena 22, nkhope ikutuluka pa sikirini, wadina batani lobiriwira, kamakina kalira, wathana nazo, usiku womwewo dziko lalikulu chonchi ladziwa kale wopambana. Ife kwathu 2019 tinaona mapepala a zotsatira atapakidwa Tippex mpaka khoti kufafaniza chisankho cha pulezidenti. A Bolsonaro okhawo makina omwewa anawapambanitsa uphungu kangapo ndi upulezidenti mu 2018, koma mu July 2022 anaitana akazembe a maiko akunja kunyumba ya boma kukawauza kuti makinawo ndi achinyengo, umboni osaonetsa, nchifukwa chake khoti la zisankho la TSE linawaletsa kuimanso mpaka 2030. Pa 30 October 2022 a Lula anapeza 50.9 peresenti, a Bolsonaro 49.1, kusiyana mavoti 2 miliyoni ndi pang'ono, ndipo tsiku lovotalo apolisi a pamsewu anali kalikiliki kuimitsa mabasi kuchigawo cha kumpoto chakum'mawa kumene a Lula ali ndi anthu ambiri, kwanu komwe a Motta, paja inu ndi a ku Paraíba.

Tsopano tikambe zimene bilu yanuyi ikufuna kuchepetsera chilango, chifukwa pa TV ena akumazinena ngati inali nkhani ya magalasi osweka basi. Panali chikalata cholembedwa kale chofuna kuimitsa zotsatira za chisankho. Akuluakulu a asilikali anaitanidwa nkuonetsedwa. Wa asilikali a pamtunda General Freire Gomes anakana, wa a m'ndege Baptista Junior anakana, wa a pamadzi Almir Garnier anavomera. Panali pulani ina, Punhal Verde e Amarelo, yofuna kupha a Lula, wachiwiri wawo a Geraldo Alckmin ndi jaji Alexandre de Moraes, imene General Mário Fernandes anavomera m'khoti kuti analemba ndi iyeyo, ati anali maganizo chabe, koma maganizowo anawapulinta pa pulinta ya ku Planalto, ku ofesi ya pulezidenti. Pa 12 December 2022 mabasi anaotchedwa mu Brasília. Pa 24 December, anthu akuthamangira Khirisimasi, bomba linapezeka pa thanki ya mafuta pafupi ndi bwalo la ndege, mwamwayi silinaphulike. Pa 30 December a Bolsonaro anakwera ndege wa ku Florida osapereka lamba wa upulezidenti kwa mnzawo. Kenako pa 8 January 2023 chikhamu chija chinanyamuka ku msasa wa ku likulu la asilikali, apolisi akuchiperekeza, nkukalowa nyumba zonse zitatu, Planalto, khoti la STF ndi nyumba yanu. Anabaya chithunzi chojambulidwa ndi katswiri Di Cavalcanti, anagwetsa wotchi yakalekale imene inabwera ndi banja lachifumu la Portugal, koma cholinga sichinali wotchi ayi, ankafuna chisokonezo chikule mpaka asilikali aitanidwe kudzakhazikitsa bata, akalowa asatulukenso.

Taganizani bwino pamenepa mabwana. Chimene chinapulumutsa dziko la anthu opitirira 200 miliyoni si malamulo okhwima, si chipani, si nyumba yanu, ndi anthu awiri ovala yunifomu amene ataonetsedwa chikalata chija anati ayi. Akanakhala kuti pa mipando iwiriyo panali anthu ena ngati Garnier bwenzi pano tikukamba zina, mwinanso osakamba nkomwe. Ife a ku Malawi timazidziwa izi, April 2012 a Bingu wa Mutharika atamwalira panali anthu amene ankafuna kuwatchinga mayi Joyce Banda kuti asalowe, ndipo zinatengera mkulu wa asilikali General Henry Odillo kuima ndi malamulo. Dziko silingamadalire mwayi woti pampando pakhale munthu wamanyazi. Jenerali wa mawa ayenera kukana chifukwa akudziwa kuti akavomera akafera kundende, ndipo chidziwitso chimenechi mu Brazil changobadwa kumene pa 11 September 2025, pamene majaji anayi mwa asanu anagamula a Bolsonaro zaka 27 ndi miyezi itatu, General Braga Netto 26, Garnier 24, General Augusto Heleno 21. Chiyambire 1889 pamene Marshal Deodoro da Fonseca anagwetsa ufumu, kudutsa 1930, 1937, 1964, aka nkoyamba kuti pulezidenti wakale ndi majenerali akuluakulu chonchi alangidwe chifukwa chofuna kulanda boma. Chinthu choti chatenga zaka zoposa 130 kuti chichitike, inu simunathe ngakhale miyezi itatu musanayambe kuchiphwasula. Ndipo choseketsa nchakuti lamulo limene anawagamulira, lija la 2021 loteteza ulamuliro wa demokalase, anasainira ndi a Bolsonaro eni ake.

Ndikudziwa yankho lanu, mumati mukuchitira chifundo anthu wamba amene anangotengeka. Pamenepo tisanamizane, mfundo ilipo. Mayi uja wokonza tsitsi amene analemba ndi lipisitiki pa chiboliboli cha kutsogolo kwa khoti nkupatsidwa zaka 14, inenso zinandivuta kumeza, ngakhale ndikudziwa kuti sanamugamule chifukwa cha lipisitiki yokha. Pali bambo wina amene anamwalira ali pa limandi kundende ya Papuda mlandu wake usanathe, zimenezo siziyenera kuchitika m'dziko la malamulo, kaya munthuyo ndi wa mbali iti. Ngati mtima wanu uli pa anthu amenewa, bwanji osalemba bilu ya iwo okha, yonena poyera kuti amene sanatsogolere, sanalipire, sananyamule chida aonedwe mwapadera, koma amene anali ndi nyenyezi paphewa ndi amene anali pampando asakhudzidwe? Simunatero. Munasakaniza dala, milandu iwiri ikuluikulu ija, wofuna kulanda boma ndi wofuna kuthetsa ulamuliro wa malamulo, mwati isamaphatikizidwenso, nthawi yodikira kuti munthu atuluke m'ndende yotsekeratu mwaifupikitsa, moti phungu amene ankayendetsa biluyo, a Paulinho da Força, ananena yekha kuti a Bolsonaro akhoza kukhalamo zaka ziwiri ndi miyezi yochepa basi. Zili ngati munthu wolowa m'khola ati ndikukamasula mwana wa mbuzi wakodwa chingwe, potuluka wasiya chitseko chosatseka fisi ali panja. Mayi wa lipisitiki uja mwangomunyamula ngati chikwangwani.

Ndinalonjeza kuti ndinena za mbali inayo. Chipani cha a Lula si cha angelo, Mensalão ya 2005 inali yogula mavoti a aphungu ndi ndalama, ndalama za kampani ya boma ya mafuta ya Petrobras zinabedwadi, kafukufuku wa katangale uja wa Lava Jato sanapeke zonse. Anthu ambiri amene anavotera a Bolsonaro mu 2018 sankafuna akasinja, anali atatopa ndi kuba basi. Koma onaninso mmene Lava Jato yomweyo inathera, jaji Sergio Moro anagamula a Lula, a Lula nkukhala m'ndende masiku 580 osaima nawo pa chisankho chimene ankatsogola, kenako jaji yemweyo nkukalandira unduna wa zachilungamo kwa amene anapambana, 2021 khoti lalikulu nkufafaniza zigamulo zonse nkunenanso kuti jajiyo anali ndi mbali. Munthu wamba aziti chiyani? Wa kumanzere anaphunzira kuti khoti ndi chida cha adani, wa kumanja lero akunena zomwezo. Ndipo a Moraes nawo, ngakhale ndikuvomereza kuti popanda kuuma mtima kwawo mlanduwu sukanafika pamene wafikapa, mphamvu zimene anasonkhanitsa nzoopsa, kafukufuku wa nkhani zabodza anatsegulidwa 2019 ndi khoti lokha popanda oimira boma pamilandu kupempha ndipo wakhala akungopitirira, mu 2024 anatseka tsamba la mchezo la X dziko lonse kwa mwezi ndi masiku, komanso anaweruza nawo mlandu umene iwo eni anali mmodzi wa ofuna kuphedwa. Zimenezi nzofunika kuzikonza ndipo okonza ake ndinu, mukhoza kukhazikitsa malire a zaka za majaji, mukhoza kuchepetsa zigamulo za jaji mmodzi payekha, kambiranani masana anthu akumva. Koma kukonza khoti ndi nkhani ina, kumasula amene anafuna kutseka khotilo ndi mfuti ndi nkhani inanso, musatiphatikizire.

Komanso khoti linakula chonchi chifukwa inu munathawa ntchito yanu. Zaka zinayi a Bolsonaro akuopseza poyera, mapempho owachotsa opitirira 100 anaunjikana pa desiki ya sipika osatsegulidwa, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene ndalama za bajeti yachinsinsi zinkayenda, phungu kulandira mamiliyoni oti akagawe kwawo popanda dzina lake kulembedwa paliponse, mpaka STF inachita kuletsa mu December 2022. Mu 2025 ndalama zimene aphungu ndi maseneta mumagawa nokha zinali pafupifupi 50 biliyoni reais. Gulu lija la zipani lotchedwa Centrão lilibe kuti uyu ndi wa kumanzere kapena wa kumanja, linadya ndi Fernando Henrique, linadya ndi Lula, linadya ndi Dilma mpaka tsiku lomutaya, linadya ndi Temer, ndi Bolsonaro, pano likudyanso ndi Lula. Kwa anthu otere demokalase ndi katundu wapamsika ngati wina aliyense, lero tikupatsa mavoti a chikhululukiro, iwe utipatse chakuti. Umboni wake ndi sabata ija ya September 2025, patangotha masiku ochepa chigamulo chituluke, Lachiwiri munadutsitsa PEC da Blindagem yoti phungu asazengedwe mlandu popanda chilolezo cha aphungu anzake, chilolezocho nkuvoteredwanso mwachinsinsi, mawa lake Lachitatu nkuvomereza kuti bilu ya chikhululukiro ithamangitsidwe. Kudziteteza nokha ndi kuteteza olanda boma, phukusi limodzi. Anthu ochita zionetsero atadzaza Avenida Paulista ku São Paulo ndi Copacabana ku Rio pa 21 September mpamene komiti ya Senate inaikana Blindagem yonse popanda ngakhale mmodzi woiikira kumbuyo. A Alcolumbre, pamenepo nyumba yanu inachita bwino, koma tonse tinaona kuti inachita bwino itamva phokoso la mumsewu.

A Motta, inu ndiye ndili nanu mawu apadera. Munabadwa 1989, malamulo a dziko a 1988 ndi akulu kwa inu, simunakhalepo tsiku ndi limodzi lomwe pansi pa asilikali. Tsiku limene aphungu 444 anakusankhani mu February 2025 munanyamula buku la malamulowo m'mwamba kutsanzira Ulysses Guimarães, mkulu amene powakhazikitsa pa 5 October 1988 ananena kuti ulamuliro wankhanza timadana nawo ndipo umatinyansa, nkunenanso kuti wopandukira malamulo a dziko ndi wopandukira dziko. Sabata isanathe munali pa wailesi kwanu ku Paraíba mukunena kuti za pa 8 January sikunali kufuna kulanda boma. Mu August aphungu a mbali ya a Bolsonaro anakhala pa tebulo lanu la usipika usana ndi usiku kukuletsani kutsegula zokambirana, inu mwini nyumba kuchita kupempha mpando wanu, ndipo chikhululukiro chimene ankafunacho pamapeto pake mwawapatsa theka. Phungu mnzanu Eduardo Bolsonaro anakakhala ku America nkumakopa boma la Donald Trump kuti lilange dziko lake lomwe, msonkho wa 50 peresenti nkugwera katundu wa Brazil, olima khofi ndi ogulitsa nyama nkumalira, zonsezo kuti bambo ake asazengedwe, koma mpando wake munachita kumuchotsa mu December, osatinso chifukwa cha zimenezo koma chifukwa chojomba. Alexandre Ramagem, wogamulidwa zaka 16 pa mlandu womwewu, anathawira ku America konko adakali phungu. A Bolsonaro eniwo pa 22 November anagwidwa atawotcha ndi chitsulo chowotcherera kachipangizo kowalondola kamene anawamanga pamwendo, ati ankangofuna kuona. Awa ndi anthu amene mukuti asonyeza kulapa moti tiwachepetsere?

Pali chinanso chimene chimandiwawa, ndipo mwina ndi chimene chimapangitsa kuti anthu ambiri nkhani zonsezi azingozimvera patali. Kwa mnyamata wakuda wa ku favela, madera a anthu osauka a m'mizinda, ulamuliro wa malamulo umene tikuuteteza apawu sanauonepo bwinobwino. Apolisi a Brazil amapha anthu opitirira 6,000 pachaka, ambiri mwa iwo akuda. Pa 28 October 2025 ku Penha ndi Alemão mu Rio tsiku limodzi lokha kunafa anthu opitirira 120, m'mawa mwake anthu a m'deralo kuchita kukatola okha mitembo kutchire nkuindandalika pamsewu kuti azimayi azindikire ana awo. Khansala Marielle Franco anawomberedwa pa 14 March 2018 ndipo zinatenga zaka zisanu ndi chimodzi kuti oganiziridwa kuti ndiwo anatuma amangidwe, mmodzi mwa iwo, Chiquinho Brazão, anali phungu wa m'nyumba mwanu. Ine monga munthu wakuda ndikamayenda kuno ndimadziwa mmene mlonda wa m'shopu amandiyang'anira ndisanatsegule pakamwa kuti amve kuti ndine mlendo. Ndende zanu zadzaza ndi anyamata ogwidwa ndi tizinthu tochepa, ambiri osazengedwa nkomwe, sindinamvepo kuti aphungu achezera usiku wonse mpaka m'bandakucha kuwerengetsa kuti zilango zawo zachuluka. Chifundo chimenechi chatulukira pamene omangidwa ali majenerali. Ndiye mukamuuza mnyamata uja kuti demokalase ndi yofunika kuifera, akuyankhani kuti yake iti? Ndipo akadzabwera wina womulonjeza chitsulo ndi mwambo, kapena wina wa mtundu uja ankanenera Adhemar de Barros ku São Paulo kuti amaba koma ntchito amagwira, adzamuvotera, osati poti ndi wopusa koma poti inu simunamuonetsepo kusiyana kwake.

Ena mwa inu mumati tikufuna kuyanjanitsa dziko, mabanja anagawikana, m'magulu a WhatsApp a pachibale anthu anatulukamo, pa Khirisimasi ena sadyeranso limodzi. Nzoona, ndaziona. Koma kuyanjana kumayamba wolakwa akavomera kuti ndinalakwa, ndipo mpaka lero palibe mmodzi mwa akuluakulu aja amene wanena kuti chisankho cha 2022 tinaluza mwachilungamo ndipo zimene tinakonza zinali zoipa. Akuti ndi ozunzidwa. Mukawachepetsera chilango ali pa mawu amenewo ndiye kuti boma lavomereza nkhani yawo, ndipo msilikali wachinyamata amene ali ku sukulu ya asilikali ya Agulhas Negras lero, kumene a Bolsonaro anaphunzira, akuonerera nkumawerengetsa yekha kuti kodi mtengo wake ndi zaka 27 kapena ziwiri.

Ndiye zopempha zanga ndi izi, sizambiri. Kukana kwa a pulezidenti kuja kusiyeni kukhale. Ngati mukuumirira kuti nkhaniyi ibwere pa voti, ibwere masana, aliyense dzina lake lioneke pa bolodi, osati m'bandakucha ngati ulendo watha uja, kuti pa 4 October 2026 povota anthu adzadziwe amene anaima pati. Za anthu wamba amene zilango zawo zinapyola muyeso, lembani bilu yawoyawo yosakhudza okonza pulani, olipira ndalama ndi ovala yunifomu, ndipo ine ndidzakhala woyamba kunena kuti mwachita bwino. Ndipo ndime 142 ya malamulo anu, imene anthu a kumisasa ija ankaiwerenga ngati chilolezo choti asilikali alowerere ndale, STF inanena kale mu 2024 kuti sikutanthauza zimenezo, koma mawu ake akadali momwemo, ndipo amene ali ndi mphamvu yowalembanso momveka ndinu, osati majaji.

Ndatha ine wanu,
Mmalawi wokhala ku Brazil